Kudambo Kulibe Munthu

Nkhanu zachitsulo zinkatuluka m'ngalande dzuwa likangotuluka. Iliyonse inali yaikulu ngati beseni lochapira, ya miyendo isanu ndi itatu, ndi timaso tiwiri tobiriwira patsogolo. Zinkayenda chammbali monga zimachitira nkhanu za mumtsinje, zitasenza zimene zatola pansi pa nthaka: majumbo, matewera, mabotolo, nthambi za mitengo. Zinyalala zinkakazikhuthulira m'galimoto yopanda dalaivala imene inkadikira pamsewu. Koma zikapeza chinthu chooneka kuti chili ndi mwini wake, kaya patapata, kaya supuni, kaya kapu, zinkachitsuka ndi mankhwala n'kukachiika patsinde pa chipilala choyankhula, pafupi ndi mpopi wa ku Namatope.

"Mwini wake abwere adzatenge," chinkatero chipilala.

Tsiku lina zinabweretsa kabudula wamkati wa bambo wina wonenepa, ndipo chipilala chinaitana mwini wake tsiku lonse. Palibe anabwera. Amayi a pampopi anaseka mpaka kugwira nthiti.

Namatope ndi dera la kumunsi kwenikweni kwa mzinda wa Kabula. M'zaka zimenezo mzindawu unali utakula n'kukwera mapiri onse, nthaka itaphimbidwa ndi simenti, ndipo mvula inali itasiya ulemu wake wakale. Inkatha milungu osaoneka, kenako n'kugwa kamodzi ngati munthu wagwetsa mgolo. Madzi a m'misewu ankalowa m'mapaipi a zimbudzi, mapaipi n'kudzaza, zivundikiro n'kudumpha, ndipo zonse zimene anthu a kumtunda anadya dzulo lake zinkatsika kudzapereka moni pamakomo a ku Namatope. Madzi akaphwera, kolera ankafika.

Ndaziona ankamudziwa bwino kolera. Mvula yapitayo mwana wake Siyeni, wa zaka zinayi, anagona m'tenti ya odwala maso atalowa m'kati, khungu ukalitsina osabwerera. Siyeni anadzuka. Mwana wa nyumba yoyandikana nayo, amene ankasewera naye m'ngalande yomweyo, sanadzuke.

N'chifukwa chake anthu anavina pamene kunabwera Mlondamvula. Iyeyu anali kompyuta yaikulu ya mzinda, yokhala ndi maso m'mitambo ndi makutu m'mapaipi. Nkhanu zija zinali manja ake, zipilala ndiye pakamwa pake. Pansi pa bwalo la mpira anamukumbira nkhokwe ya madzi yaikulu kuposa tchalitchi, imene anthu anaitcha Chimimba. Mvula ikagwa, Mlondamvula ankatsegula ndi kutseka zitseko za pansi pa nthaka, kukusa madzi onyansa kuti alowe mu Chimimba, kuti adzawayeretse mvula ikakata.

Koma mimba iliyonse imakhuta. Chimimba chikadzaza chinayenera kusanza, ndipo makomo ake anali awiri okha. Lina linali ngalande yakale, yodutsa pakati pa nyumba za anthu. Lina linali latsopano, lotsegukira kudambo la kumunsi kwa dera, kumene kunali bango ndi mkuyu umodzi wokalamba. Amene anapanga makinawa anawaikira lamulo loti khomo latsopano asalitsegule asanafunse eni dera. Choncho mitambo itayamba kusonkhana, chipilala chinkafunsa m'mawa uliwonse.

"Anthu a ku Namatope, kodi kudambo la kumunsi kuli munthu, chitsime kapena manda?"

Pansi pa mtengo wa pafupi pankakhala abambo osewera bawo. Amene ankayankha mokweza kuposa onse anali Yotamu, mwamuna wa Ndaziona, wokonza njinga zamagetsi za kabaza.

"Kuli achule, achimwene! Kawafunseni achulewo ngati ali ndi manda!"

"Ndamva, bambo. Zikomo. Kodi alipo wina amene akudziwa zosiyana?"

Pamzere wa pampopi amayi ankangoyang'ana m'zidebe zawo.

Siyeni sanali mwana woyamba wa Ndaziona. Woyamba anabadwa osalira. Wotere akuluakulu amati ndi nthayo, mlendo amene wabwerera pakhomo asanalonjeredwe. Samulira maliro, samupatsa dzina, samukhomera bokosi. Abambo sapitako, ndipo safunsa. Amayi okha ndi amene amamukulunga m'chitenje, kupita naye pamalo a chinyezi ndi kumuika m'kadzenje kosazama, kuti mimba ya mayi wake isaume, kuti mwana wina adzapeze njira. Pobwera kumeneko pakamwa pamatsekedwa. Midzi inasanduka tauni, magalimoto anayamba kuyenda okha, koma mwambo uwu amayi anausunga monga mikanda ya m'chiuno, imene saionetsa pagulu.

Tsiku limene mwana woyambayo anabadwa Ndaziona sanathe kuyenda. Chimene anatha ndi kupereka chitenje. Chinali chachikasu, cha zithunzi za nkhanga, chimene Yotamu anamugulira atangomva kuti ndi woyembekezera, akuti chidzakhale mbereko. Ndaziona anauza mwamuna wake kuti chinasowa kuchipatala. Amene ananyamula kamtolo ka mwanayo anali a Nangondo, mayi wamkulu wogulitsa mandasi pamphambano. Patapita miyezi, awiriwa akudutsa m'mphepete mwa dambo, a Nangondo analoza ndi milomo kutsinde kwa mkuyu, mbali ya kum'mawa, osanena kanthu. Kuyambira pamenepo Ndaziona ankakonda kukathyola ndiwo kudambo. Ankabwerako ndi kachisoso kosadzaza ngakhale dzanja, ndipo Yotamu ankamuseka kuti ndi mlesi.

Funso la chipilala litamulemera, anapita kwa a Nangondo. Anawapeza akutembenuza mandasi m'chiwaya.

"Amayi, mwamva zimene chikufunsa chipilala?"

"Ndine gonthi ine? Chimandilongolola m'mawa uliwonse ngati apongozi."

"Ndiye tingokhala chete?"

"Chafunsa za manda. Manda ali kuseri kwa tchalitchi, ali ndi mitanda ndi maluwa apulasitiki. Kudambo kuli ndiwo."

"Koma amayi, si ndinu amene munanyamula…"

A Nangondo anamenya chiwaya ndi supuni, mafuta n'kuthovoka.

"Tseka pakamwa, mtsikana iwe! Ufuna kuuma? Ufuna Siyeni akule yekha ngati mtengo wa pachulu? Ana a masiku ano mumayesa kuti chilichonse chimene chafunsidwa chiyenera kuyankhidwa."

"Madzi ake ndi a m'zimbudzi, amayi. Pamutu pake."

Mayi wamkuluyo anavuula mandasi limodzilimodzi, osamuyang'ana. Kenako anatsitsa mawu.

"Ukuyesa ndiwe wekha amene uli ndi mtima? Pita ukachifunse chitsulo chakocho kuti ukachiletsa kudambo, madzi ake chidzawapititsa kuti. Funsa kaye. Ukatero ubwere udzandiphunzitse kulira." Anakulunga ndasi limodzi m'pepala n'kumukankhira. "Ukamupatse mwana. Waonda ngati iwe."

Ndaziona sanapite tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Pachipilala sipankasowa anthu, ndipo chipilala sichinkadziwa kunong'ona pokhapokha munthu atayandikira pafupi kwambiri. Anazengereza mpaka tsiku limene kumwamba kunada masana, mtambo utakhala pamwamba pa mapiri ngati mphika wopserera. Zipilala za mzinda wonse zinayankhula pamodzi kuti anthu alowetse ana ndi ziweto. Abambo anathawa ndi bawo lawo, amayi ndi zidebe zosadzaza. Nkhanu zonse zinalowa pansi.

Pamenepo Ndaziona anabereka Siyeni kumbuyo, ngakhale anali atakula, miyendo ikulendewera mpaka m'ntchafu, n'kupita kukaima pachipilala mphumi itatsala pang'ono kuchikhudza.

"A Mlondamvula."

"Ndikumva, mayi," chinayankha chipilala motsitsa.

"Munthu atakuuzani kuti kudambo kuli manda, mungatani?"

"Khomo la kudambo ndingalitseke, osadzalitsegulanso."

"Nanga Chimimba chikadzaza?"

"Lero chidzaza. Mtambo uwu ndauyeza, ndi waukulu kuposa mimba yanga. Ndiye kuti nditsegula ngalande yakale."

"Ija yodutsa pakhomo panga?"

"Yomweyo. Ndichenjeza anthu kuti athawire kumtunda. Madzi alowa m'nyumba zambiri, ndipo matope ake atsala pamene ana amasewera. Odwala adzakhalapo."

"Ndiye inu mumalemekeza akufa kuposa amoyo?"

"Ayi, mayi. Koma amoyo ndikawachenjeza amathawa. Akufa sathawa. Amene anandipanga anati wosathawa ndimutchinjirize."

Mphepo inakoka fumbi ndi majumbo n'kuzizunguza pabwalo.

"Simungadikire kuti tikawasamutse?"

"Ine ndingadikire. Mvula ndi imene sidikira. Mukanandiuza masiku apitawa, bwenzi nkhanu zanga zitakuthandizani."

"Palibe khomo lachitatu?"

"Akukumba Chimimba china. Sichitha chaka chino, ngakhale chamawa. Mayi, mukufunsa ngati munthu wodziwa kanthu. Kodi wogona kumeneko ndani dzina lake?"

"Alibe dzina."

"Dzina si lofunika. Mtanda si wofunika. Mawu a munthu mmodzi ndi okwanira. Mukandiuza kuti kuli munthu, ine ndikhulupirira."

Ndaziona anagwira chipilala ndi dzanja. Zaka zonsezi palibe amene anamutchapo munthu mwana uja. Anamwino anati pepani, mudzaberekanso. Amayi ake omubereka anati anali madzi chabe. A Nangondo anati kudambo kuli ndiwo. Iye yekha ndi amene anaona tizikhadabo take, ndi tsitsi lonyowa pamutu, kanthawi kochepa asanamuphimbe. Lero kunapezeka wina woti amukhulupirire, ndipo anali chitsulo chozizira choima pafupi ndi mpopi. Liwu limodzi lokha, mwana wake akanakhala munthu pamaso pa mzinda wonse, ndipo zitseko zolemera za pansi pa nthaka zikanatsekedwa chifukwa cha iye.

Dontho loyamba linagwa pafumbi, lalikulu ngati chivundikiro cha botolo. Kumbuyo kwake Siyeni anasuntha n'kubisa nkhope pakhosi pa amake. Mpweya wake unali wofunda, wonunkhira mandasi.

"Amayi, ndikunyowa. Tiyeni kwathu."

"Kodi kudambo kuli munthu, mayi?" chinafunsa chipilala.

Ndaziona anayang'ana ngalande yakale, youma, yokhotakhota pakati pa nyumba. Anaona khomo lake la buluu, ndi khomo lina pafupi nalo pamene chiyambire mvula yatha sipankamveka mawu a mwana.

"Kulibe munthu," anatero.

"Mwatsimikiza?"

"Kuli achule okha."

"Ndamva, mayi. Zikomo."

Mvula inagwa ngati ili ndi mlandu ndi dziko. Atafika kunyumba, Ndaziona anatula Siyeni m'manja mwa Yotamu, n'kunena kuti waiwala chidebe pampopi.

"Amake Siyeni, mwapenga? Chidebe chimenecho n'cha golide?"

Koma iye anali atatuluka kale. Anathamanga kutsika mpaka pamtumbira umene makina anaunjika kuti utchinge dambo ndi nyumba. Ankaganiza kuti akhala yekha. Atapukuta madzi m'maso anaona kuti pamtumbirapo paima kale anthu, aliyense payekha, chitenje kumutu, osayang'anana. Panali mkazi wa abusa. Panali mtsikana wogulitsa tomato, amene aliyense ankayesa kuti sanatengepo mimba. Panali amayi amene iye ankaima nawo pamzere wa pampopi tsiku ndi tsiku, kukangana nawo za malo, kubwerekana nawo mchere. Enanso ankabwerabe mumvulamo. Kumapeto kwenikweni kunaima a Nangondo, opanda chofunda kumutu.

Pansi panagwedezeka. Khomo la Chimimba linatseguka pang'onopang'ono, ndipo kunatuluka madzi akuda, a thovu, fungo lake lopyola ngakhale mvula. Bango linawerama lonse n'kumira. Madzi anazungulira mkuyu, kukwera mpaka m'chiuno mwake, n'kuyamba kudya nthaka ya patsinde. Ndaziona anayang'anitsitsa mbali ya kum'mawa. Anaona dothi likugumuka ngati chigumu chonyowa, mizu ikutsala pambalambanda. Sanaone china chilichonse. Analuma nsonga ya chitenje chake kuti asatulutse mawu, monga anaphunzitsidwira.

Amene analira anali a Nangondo. Anakhala pansi m'matope, miyendo atatambasula ngati kamwana, manja pamutu.

"Atatu, amayi ine! Anga atatu! Ndinawaika ndekha ndi manja angawa!"

Palibe anawaletsa. Mkazi wa abusa anatsatira, kenako mtsikana wa tomato, kenako mtumbira wonse. Maliro a zaka zambiri analiridwa masana amenewo, koma mvula inali yaphokoso kwambiri moti m'nyumba za ku Namatope simunamveke kanthu.

M'mawa mwake kunacha bwino. M'ngalande yakale munkayenda timadzi toyera ta padenga, ndipo ana ankayandamitsamo timabwato ta masamba. Palibe nyumba imene inalowa zonyansa. Abambo anatulutsa bawo msanga, akutama Mlondamvula ngati ndi mwana wawo amene wakhoza mayeso.

"Ndinanena ine!" ankatero Yotamu. "Achulewo lero akhuta!"

Ndaziona anali pamzere wa pampopi, Siyeni atagwira chitenje chake, pamene nkhanu zinatulukira. Tsiku limenelo sizinachokere m'ngalande za m'misewu. Zinachokera kumunsi, zitandanda pamzere umodzi, iliyonse itasenza nsalu.

Zitenje za m'zaka zimenezo zinali za ulusi wa pulasitiki, zosawola. Zimene zinakulungidwamo zinali zitabwerera kudothi kalekale, ndipo dothilo linapita ndi madzi. Nsalu zokha ndi zimene zinakodwa m'bango ndi m'mizu ya mkuyu. Nkhanu zitazipeza zinaona kuti iliyonse ili ndi mfundo yomangidwa ndi manja a munthu, ndipo chinthu chimene munthu wachimanga mosamala chotero chimakhala ndi mwini wake. Choncho zinazitsuka ndi mankhwala, osamasula mfundo, n'kuziyala patsinde pa chipilala. Patsinde patadzaza, zinayala mpaka pafupi ndi bawo.

"Mwini wake abwere adzatenge," chinatero chipilala.

"Taonani, nkhanu zatsegula kaunjika!" anafuula bambo wina. "Yotamu, kagulireko akazi ako!"

Yotamu anaseka n'kuimirira kuti akaone. Anayenda pakati pa nsaluzo, akukankha ina ndi phazi. Kenako anaima. Patsogolo pake panali chitenje chachikasu, chofwifwa, koma nkhanga zake zikuonekabe. Anagwada n'kuchinyamula. Chinali chopepuka, chomangidwa kamtolo kosaposa mkono wake kutalika.

"Amake Siyeni," anaitana, mawu atasintha. "Ichi si chija munati chinasowa kuchipatala?"

Yotamu anayang'ana mfundo ija, anayang'ana njira ya kudambo imene nkhanu zinkabwererabe, kenako anayang'ana amayi a pamzere. Mpopi unkathira madzi m'chidebe chodzaza kale, osapezeka woutseka. Abambo a pabawo anasiya kuseka mmodzimmodzi. Wina anavula chipewa. Wina anaimirira pang'onopang'ono, maso ali pa chitenje chofiira chimene anachidziwa.

"Ndiwo zija," anatero Yotamu. "Ndiwo zija munkapita kukathyola."

Mkazi wake anavomera ndi mutu.

"Ndipo ine ndinkati achule."

"Inenso ndinatero, bambo a Siyeni. Dzulo lomweli. Chinandifunsa kawiri."

Yotamu anatsegula pakamwa, koma anaona Siyeni ataima pamenepo, mapazi ake ali oyera, opanda matope a zonyansa, ndipo anatseka. Kenako anafunsa funso limene abambo safunsa.

"Anali mwana wanji?"

"Wamkazi. Anali ndi mphuno yanu."

Mwamunayo anagwira kamtolo kaja ndi manja awiri, dzanja lina pansi pa mutu umene panalibe, monga anthu amanyamulira khanda. Anakapereka kwa mkazi wake, ndipo Ndaziona anakalandira n'kukaika pachifuwa, pamaso pa dera lonse.

"Katundu wapeza mwini wake," chinatero chipilala. "Zikomo."

A Nangondo anatuluka pamzere, maso otupa. Anthu anayesa kuti akalipa. Koma anangodutsa, n'kuwerama katatu, kutola zawo. Pambuyo pawo amayi ena anayamba kubwera. Nsalu zina zinatsala pomwepo, eni ake atamwalira kapena kusamuka, ndipo chipilala chinaziitanira tsiku lonse. Nthawi ino palibe anaseka.

Siyeni anakoka amake.

"Amayi, chitenje cha nkhangacho n'changa?"

"Ayi, mwanangu," anatero Ndaziona, mokweza kuti onse amve. "N'cha mkulu wako."

Mvula ya chaka chimenecho sinatenge mwana ndi mmodzi yemwe ku Namatope, ndipo mzinda wonse unatama makina odziwa kutaya zonyansa kumene kulibe munthu. Koma a ku Namatope anali ataphunzira kuti pansi pano malo opanda munthu kulibe, kuli malo okha amene eni ake sanaloledwe kulira.